Giyabokosi ya ku Dubai

Lachiwiri pa 13 Malichi 2012, 1 koloko masana, Kingstone Zuze anakhoma geti la galaja yake ku Ginnery Corner. Antchito ake awiri anali atawatuma kukafola pamzere wa dizilo ku Limbe. Masiku amenewo mafuta ankasowa koopsa, ndipo munthu wopita pamzere sankamuyembekezera tsiku lomwelo.

Mkatimo munali galimoto ziwiri zikuluzikulu, zamatayala aatali, zija amakwera anthu amene fumbi la mumzinda amangoliona pawindo. Zonse zinali zakuda, mtundu umodzi. Munthu wamba akanati ndi mapasa. Koma Kingstone pa nkhani ya galimoto sanali munthu wamba, ndipo ankakonda kuti anthu azidziwa zimenezo. Iye ankati galimoto zoterezi ndi ana a bambo mmodzi, amayi osiyana. Ya ku Japan imabwera ya petulo, yofewa, yozolowera misewu yosalala. Ya ku Joni imabwera ya dizilo, magiya asanu ndi imodzi, anaipangira mapiri. Ya ku Dubai magiya ake ndi asanu basi, kwawo ndi kuchipululu, ndipo imafika kuno atachita kuisamutsa chiwongolero.

Ya kumanja inali ya ku Joni. Eni ake anali Mayi Ursula Kamwana a ku Sunnyside, mayi wamasiye wa masitolo a nsalu, ndipo inangobwera kudzasintha oyilo. Ya kumanzere inali ya ku Dubai, ya Paston Likhutcha, wogulitsa galimoto ku Limbe. Giyabokosi yake inali itatopa, imaterereka, ndipo aliyense wobwera kudzaiyesa ankabweza makiyi n'kunena kuti akaganiza kaye.

Paston anali atakhala pa tayala, pamiyendo pake pali kasutikesi kofiira.

"Mabawuti akugwirizana?" anafunsa. Ankafuna kuti magiyabokosi a galimoto ziwirizo asinthanitsidwe.

"Akugwirizana. Zonsezi n'za dizilo, injini zake n'zapachibale," anatero Kingstone. "Koma kompyuta ya galimoto ya mayiwa imawerenga magiya sikisi. Yanuyi ili ndi faivi, yakufanso. Iziyatsa nyali pa dashibodi."

"Nyaliyo ilibe waya? Amwene, mayi amene uja amayenda kuti? Sunnyside, kushopu, kutchalitchi, Sunnyside. Ngakhale wilibala ingamufikitse."

Atatero anatsegula kasutikesi kaja. Munali makina oyezera matenda a galimoto, aja amalumikiza pansi pa chiwongolero n'kukuuza chilichonse chimene chikuvuta. Kingstone anali atawalakalaka zaka zitatu. Makasitomala a galimoto zodula ankamuthawa kupita kwa anzake okhala ndi makinawo, iye n'kumatsala ndi maminibasi. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga sipanala.

Ntchitoyo inamutengera masiku awiri. Galimoto ya Paston inalandira giyabokosi yabwino ya mayi aja mosavuta, makina atsopano aja atailangiza. Ya mayi inakana mlendo. Nyali yachikasu inayaka, Kingstone n'kuizimitsa, iyo n'kuyakanso. Pamapeto pake anadula waya wake n'kuubisa. Anaiyesa mpaka ku Chichiri n'kubwerera. Pamsewu wosalala inkayenda ngati palibe chachitika, ndipo anadziuza kuti palibedi chachitika.

Lachinayi madzulo kunabwera dalaivala wa mayi aja, Vitalis Semba, bambo wa imvi zapatalipatali amene anawayendetsa zaka khumi ndi zinayi. Vitalis ndi Kingstone kwawo kunali kumodzi, ku Nsanje. Kingstone atangofika m'tauni ndi kachikwama ka pulasitiki, anagona pabalaza pa Vitalis ku Manja miyezi isanu ndi itatu, akudya za akazi ake a Vitalis, a Ida, osafunsidwa kuti achoka liti. Ndi Vitalis yemweyo amene anakakamiza abwana ake kuti galimoto izipita kwa Kingstone, ati ndi m'bale wake ndipo dzanja lake ndi loyera.

"Yatha, m'bale wanga?"

"Yatha, achimwene."

"Takhuta," anathokoza m'chilankhulo cha kwawo. "Loweruka tikutsika nayo ku Nchalo. Kuli chinkhoswe cha mwana wa mng'ono wawo wa mayi."

Msewu wa ku Nchalo umatsika mapiri a ku Chikwawa, makona okhaokha, mbali ina phompho. Makiyi anali m'dzanja la Kingstone. Akanatha kunena kuti fyuluta sinafike, abwere Lolemba. Bodza limenelo linali laling'ono kuposa limene anali atalimanga ndi mabawuti pansi pa galimoto. Koma ya Paston inali itapita kale ku Limbe, ndipo kasutikesi kofiira kanali pa benchi.

"Muzikatsika pang'onopang'ono," anatero, n'kupereka makiyi.

Vitalis anaseka. "Iwe, phiri limenelo ndinayamba kulitsika usanamere ndevu. Ndimaika giya yachiwiri, injini n'kumaigwira yokha. Buleki sindiiponda n'komwe."

Loweruka, hafu pasiti naini m'mawa, Vitalis anafika pamwamba pa phirilo n'kukokera giya pa yachiwiri monga mwa masiku onse. Giyabokosi inagunda kamodzi n'kusiya kugwira. Galimoto yolemera matani awiri ndi theka inayamba kutsetsereka yokha. Anaponda buleki kona yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Pa yachisanu mabuleki anali atapsa, akununkha. Galimoto inathyola zitsulo za m'mbali mwa msewu n'kugubuduka katatu. Mayi Ursula anamwalira ali m'njira yopita kuchipatala. Vitalis anathyoka mkono ndi nthiti ziwiri.

Apolisi apamsewu anapeza ndodo ya giya ili pa nyutulo. Kumbuyo anapeza zigubu ziwiri ndi paipi. Sanavutike kuganiza. Aliyense ankadziwa khalidwe la madalaivala ena masiku amenewo: pofika potsetsereka kuchotsa giya, galimoto izingoyenda yokha kuti dizilo atsaleko, madzulo kumupopa ndi paipi n'kukagulitsa m'mabotolo. Zoti galimoto iliyonse mu Blantyre inkayenda ndi zigubu chaka chimenecho, ya abusa yomwe, palibe anazikumbukira. Vitalis anamuikira wapolisi pambali pa bedi lake kuchipatala, mlandu wake wopha munthu poyendetsa galimoto mosasamala, ndi wina wakuba mafuta umene abale a mayi anaonjezerapo.

Kingstone anapita kumaliro ku Sunnyside. Anakhala m'tenti ya azibambo, pansi pa mitengo ikuluikulu ya pabwalo, n'kumamva nkhani ikuyenda kuchoka mpando uno kupita winawo.

"Zaka folotini akudya m'nyumba muno, n'kuphera mayi malita faivi."

"Antchito ndi choncho. Ukamuyesa m'bale ndi pomwe amakuluma."

Wina anamukodola. "Inu si amakaniko aja? Tiuzeni, galimoto ngati imene ija ingathawe yokha?"

"N'zovuta," anatero Kingstone. Atabweretsa tiyi anamulandira, koma anangomugwira mpaka anazizira.

Lachiwiri lotsatira a Ida anafika ku galaja wapansi, chitenje chili m'chiuno, maso ali psuu. Anakana mpando.

"Alamu, achimwene anu akuti mupite. Akuti inuyo ndi amene mungawauze apolisi kuti iwo sayenda pa nyutulo. Inu mumawadziwa. Ana ku Manja akulephera kupita kusukulu, anzawo akuwaimba nyimbo ya dizilo."

"Ndipita, alamu."

"Ife tilibenso wina m'tauni muno."

Sanapite. Kawiri konse anakwera minibasi ya kuchipatala, kawiri konse anatsikira m'njira n'kubwerera. Makina aja anawakutira ndi chiguduli n'kuwakankhira pansi pa benchi, pakuti sankafunanso kuwaona. Munthu anali wolimba mtima pogwira sipanala, koma pa izi anali wamantha, ndipo ankadzidziwa yekha kuti ndi wamantha.

M'malo mwake apolisi ndiwo anabwera kwa iye. Lachinayi m'mawa panatsika m'minibasi mayi wamfupi wovala mpango kumutu, m'manja ali ndi kope la ana asukulu. Anati ndi Sajenti Afisa Twaibu wa nthambi yofufuza zaupandu, wapatsidwa mlandu wa mafuta uja.

"Mundikhululukire, amisiri, ine ngakhale njinga sindipalasa," anatero. "Mundiphunzitse ngati mwana. Galimoto ija munaichita chiyani?"

"Oyilo ndi fyuluta basi."

"Masiku atatu?"

"Fyuluta inachedwa. Zinthu zikusowa, mukudziwa."

"Zoona. Ndiye inatuluka muno ili bwino?"

Apa panali pakhomo pena potseguka, ndipo Kingstone anapaona. "Ili bwinobwino."

"Ndiye kuti vuto ndi dalaivala."

"Ine kunalibe, mayi."

Afisa analemba, n'kumupatsa cholembera kuti asaine. Kingstone anasaina. Ndi dzina lake lomwelo anakhomerera msomali pa munthu amene anamugoneka pabalaza.

Koma mlandu suola. Afisa anali ndi chinthu chimodzi chimene chinkamuvuta. Atapita kukamufunsa Vitalis za zigubu, bamboyo sanalankhule za zigubu. Ankangobwereza nkhani ya magiya.

"Mayi, galimoto ija ndimaimva ngati mtima wanga. Kuchoka ku Sunnyside kukafika ku Mpemba imasintha kasanu kuti ifike pa giya yomaliza. Tsiku lija inasintha kanayi. Ndinati mwina ndakalamba, makutu ayamba kunama. Ndodo ija munaipeza pa nyutulo chifukwa ndinkaikankha uku ndi uku kuti mwina igwire."

Anzake kuofesi anamuseka Afisa. Wakuba aliyense, anati, amakhala ndi nyimbo yake. Iye anakatenga mkulu woyeza galimoto zangozi n'kupita naye kuseri kwa polisi, kumene anaikokera galimoto ija. Inali itatsamira mbali imodzi, denga litaphwanyika. Mkuluyo analowa pansi, n'kutuluka akupukusa mutu.

"Mabawuti a giyabokosi amasulidwa posachedwa. Mitu yake ikuwala."

Afisa anayala chitenje n'kulowa yekha. Zitsulo zonsezo kwa iye zinali zofanana. Koma pambali pa chitsulo chachikulucho panali kapepala komata, kakuda ndi fumbi. Anakapukuta ndi chala chamalovu. Zilembo zake zinali zoyenda kuchokera kumanja, zimene iye anaziphunzira ali mwana ku madrasa kwawo ku Mangochi. Kanali ka galaja ina ya ku Dubai, kosonyeza tsiku limene anasintha oyilo.

Mapepala a galimoto ya Mayi Ursula ankati inagulidwa yatsopano ku Joni n'kulowera pa Mwanza. Ku Dubai sinapondeko.

Lolemba Afisa anazungulira Limbe, kufunsa ogulitsa galimoto kuti ndani amaitanitsa zamtunduwu ku Dubai. Ogulitsa galimoto sakondana, ndiye sizinatenge nthawi. Wina anamulozera ndi mlomo kutsidya kwa msewu.

"Kafunseni Paston. Ali ndi ya ku Dubai, pagalasi walemba kuti magiya sikisi. Mwezi watha inali ndi faivi. Kaya inabereka imodzi."

Paston anatuluka thukuta asanafunsidwe funso lachiwiri. Khoswe wapatsindwi anaulula wapadzala, koma anaulula mosamala. "Ine ndinangopereka galimoto kwa makaniko kuti akonze. Kumene anatenga giyabokosi sindikudziwa. Ine si makaniko, bwana."

Afisa anamutsekera, galimoto yake n'kuilanda. Koma mawu a Paston anali a munthu wodzipulumutsa, ndipo loya aliyense akanawang'amba. Panafunika mawu a mwini sipanala.

Lachisanu pa 30 Malichi, 10 koloko m'mawa, Kingstone anaitanidwa kupolisi. Anamuuza kuti akufuna katswiri. Anavala ovolosi yochapa n'kupita. Kuseri kuja anapeza galimoto yophwanyika ija, Afisa ndi kope lake, ndi Vitalis atakhala pa benchi, mkono uli m'chikhakha, wapolisi ataima kumbuyo kwake. Anali atawonda, ndevu zitamera zoyera. Ataona Kingstone nkhope yake inawala.

"M'bale wanga! Ndinadziwa kuti ubwera. Ida ankati wachita manyazi nafe, ine ndinati ayi, ntchito yamuchulukira."

Kingstone analephera kumuyang'ana.

"Amisiri," anatero Afisa, "anthu amati inu mumadziwa kwawo kwa galimoto pongoiona. Bambo awa Lolemba akukalowa m'khoti. Akuti galimoto inawathawa yokha. Inu munasaina kuti inali bwino. Ndiye taloweni pansipo mutiuze, giyabokosi imeneyi ndi ya kuti?"

"Mayi, awa akakuuzani, lembani," anatero Vitalis. "Awa sanama. Akanena kuti ili bwino, ndiye kuti ndine ndinalakwitsa, ndikavomera m'khoti. Mwina ndakalambadi."

Kingstone anagona chagada n'kulowa pansi. Kumeneko palibe ankamuona nkhope. Chitsulo chija chinali pamwamba pa mphuno yake, mabawuti ake khumi ndi awiri amene anawamanga yekha, lililonse molimba bwino, pakuti ntchito yake sankaichita mwaulesi. Anaona kapepala kopukutidwa ndi chala, ndipo anadziwa kuti mayi wampangoyo wakaona. Komabe njira inalipo. Akanatha kunena kuti mwina inasinthidwa kale kwina, iye anangokhudza oyilo. Kapepala sikatchula dzina la munthu. Atatembenuza mutu anaona mapazi a Vitalis pansi pa benchi, atavala patapata wa akazi ake chifukwa nsapato zinatsala kuphompho.

Anakhala pansipo nthawi yaitali.

"Amisiri, mwagona?" anafunsa Afisa.

"Ndi ya ku Dubai," mawu anatuluka pansi pa galimoto. "Magiya faivi. Yakutha."

"Yafikamo bwanji?"

"Ndinaikamo ndine. Yeniyeni ili m'galimoto ya Paston. Waya wa nyali ndinadulanso ndine, uli kuseri kwa dashibodi."

Kingstone anatuluka, msana uli fumbi lokhalokha, n'kukhala pansi pomwepo. Afisa anatseka kope, n'kumuuza kuti wamangidwa pa mlandu wakuba ndi wochititsa imfa ya Mayi Ursula Kamwana. Unyolo unalira kawiri. Iye sanalimbe, ndipo kunena zoona anamva ngati wamutula katundu, chinthu chimene chinamuchititsanso manyazi ena.

Vitalis anadzuka pang'onopang'ono, atagwira nthiti. Anafika pafupi. Sanakalipe.

"Ndinakuuza kuti tikutsika phiri."

"Munandiuza, achimwene."

"Makiyi anali m'manja mwako."

"Anali m'manja mwanga. Ndikhululukireni."

Vitalis anapukusa mutu ngati sanamve. "Ukudziwa zimene mayi ananena? Pa kona yachinayi anandigwira phewa. Anati, 'Vitalis, ukundichita chiyani?' Sindinawayankhe, manja onse anali pa chiwongolero. Khoti lindimasula, anthu a ku Manja amva. Nanga mayi aja ndikawauza bwanji?"

Wapolisi anagwira Kingstone pamkono n'kumuimiritsa.